Wogwidwa ku Missouri ndi mng'ono wanga, wolandidwa laisensi ndine

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga malangizo anu kwa zaka zambiri, kawirikawiri ndili pampando wa basi kudikira kuti ana aweruke. Ndinkawerenga mavuto a anzanga n'kumapukusa mutu, osadziwa kuti tsiku lina wolemba ndidzakhala ine. Pepani, kalatayi italika. Ndilibe wina womuuza, chifukwa anthu amene ndikanawadandaulira ndi omwewo andiponya m'dzenjemu.

Dzina langa ndine Twila, ndili ndi zaka 47. Ndimakhala ku Keokuk, kumathero kwa Iowa, kumene ukawoloka mlatho uwu wafika ku Illinois, ukawoloka winawo wafika ku Missouri. Ndayendetsa basi ya ana a sukulu kwa zaka 19, ndipo zaka zonsezi wapolisi sanandiimitsepo ngakhale kamodzi. Amuna anga atamwalira zaka zinayi zapitazo ndinabwerera kwa amayi anga, amene impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndimati ndikatula ana m'mawa, ndimatenga amayi kupita nawo kutsidya ku Illinois kukatsukidwa magazi, n'kubwerera nthawi yokatenga ana isanakwane. Moyo wanga wonse ndi chiwongolero, Aphungu. Ntchito ina sindiidziwa.

Ndili ndi mng'ono wanga mmodzi, Renae. Tinasiyana zaka zitatu koma timafanana moti kutchalitchi amatisokoneza mpaka lero. Renae mowa unamuzunza. Atagwidwa kachiwiri akuyendetsa galimoto ataledzera anamulanda laisensi, ndipo khoti linamulola kukhala kunja koma akuyang'aniridwa, n'kumuchenjeza kuti akangolakwanso ndi ndende basi. Ndisamunamizire, anasintha. Watha miyezi 16 osalawa dontho. Anapeza ntchito pa fakitale ina ya ku Missouri, ndipo mwana wake wamkazi wa zaka 11, Maren, amene anamulanda, anamubwezera Khirisimasi yapitayi. Tonse tinalira ndi chimwemwe tsikulo.

Pa 3 Juni, sabata yotsekera sukulu, nditangoimika basi m'mawa, abwana athu a Hultgren anandiitanira mu ofesi.

"A Twila, tsekani chitseko. Ndipatseni makiyi a basi."

Ndinaseka. "Mwandigulira yatsopano kodi?"

Iwo sanaseke. Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Chaka chilichonse amafufuza mbiri ya madalaivala onse, ndipo pa dzina langa panali mzere wofiira.

"Boma la Iowa linaimitsa laisensi yanu pa 28 Epulo," anatero. "Akuti pa 11 Marichi munagwidwa ku Missouri mukuthamanga mamailosi 79 pa ola pamsewu wosayenera kupitirira 55. Tsiku la khoti simunapite. Ndiye a ku Missouri anauza a kuno, a kuno n'kuimitsa."

Ndinawerengera masiku ndi zala pansi pa tebulo. Masabata asanu. Masabata asanu ndikunyamula ana 52 a eni, m'mawa ndi masana, ndilibe laisensi, osadziwa kanthu.

Pa 11 Marichi linali Lachiwiri, ndipo wapolisiyo analemba kuti inali 3:20 masana. Nthawi imeneyo ine ndimakhala ndikutsitsa ana pamsewu wa kumanda. A Hultgren anatsegula buku la maulendo n'kupeza dzina langa, basi nambala 14, tsiku lomwelo.

"Ine ndikukukhulupirirani," anatero. "Koma kompyuta siikhulupirira munthu. Njira za mabasi za chaka chatsopano cha sukulu ndigawa pa 11 Ogasiti. Pofika tsikulo laisensi ikhale yabwerera, komanso yoyera. Mukudziwa lamulo lathu: amene wapezeka wolakwa pa liwiro lotere sanyamula ana kwa zaka zitatu. Pamenepo manja anga ndi omangika."

Mnzanga wa kuntchito, Merle, ndiye anandiperekeza kunyumba. Pofuna kundisangalatsa anati, "Mamailosi 79, iweyo? Iwe amene agogo a pa njinga amakupitirira n'kumakubayibitsa?" Ataona kuti ndikulira anangoyatsa wailesi.

Ndinapeza amayi ali patebulo akusenda mbatata. Ndinawafotokozera zonse. Chimene chinandiwopsa, Aphungu, n'chakuti sanadabwe. Anangoti, "Mwina alakwitsa dzina," maso ali pa mpeni. Amayi anga ndi munthu woti wa positi akachedwa mphindi khumi amaimba foni kukalipa. Tsiku limenelo sanafunse ngakhale funso limodzi.

Mawa lake ndikufunafuna khadi lawo lakuchipatala, ndinatsegula kabati ya makina awo osokera. Pansi pa zigamba panali maenvelopu atatu, onse a dzina langa, onse otsegula. Awiri ochokera kukhoti la ku Missouri, imodzi yochokera ku boma la Iowa yondichenjeza kuti laisensi iimitsidwa. Makalata amafika masana ine ndili pamsewu, amalandira ndi amayi. Munalinso pepala lachikasu la mlanduwo. Nambala ya galimoto inali ya Buick yakale ya amayi. Pansi panali dzina langa, koma dzanja lolemba linali la Renae. Ndinamuphunzitsa kulemba ndine, sindingalisowe.

Ndinayala mapepalawo pamiyendo pawo. Atawayang'ana anati:

"Makiyi ndinamupatsa ndine. Amene amamutenga popita kuntchito sanabwere tsiku limenelo, ndipo akanajomba akanamuchotsa. Anati alipira yekha mwakachetechete, iwe sudzadziwa n'komwe. Koma kukhotiko anamuuza kuti liwiro lotere salipira pa positi, mpaka munthu akaonekere kwa woweruza. Ndiye anaopa."

"Nanga makalatawa?"

"Ndinkati mwina aiwala."

Renae anabwera madzulo ake, mnzake atamutula pageti. Tinakhala pakhonde la kuseri. Sanakane.

"Achemwali, ndinachita mantha. Wapolisi atayatsa magetsi kumbuyo kwanga ndinangoona nkhope ya Maren. Anandifunsa laisensi, ndinati ndaiwala kunyumba. Atafunsa dzina, pakamwa panangotuluka lanu."

"Tsiku langa lobadwa nalo linangotuluka lokha? Kusayinako dzanja linangoyenda lokha?"

"Ndimati ndikonza."

"Wapolisiyo sanayang'ane chithunzi?"

"Anayang'ana pa kompyuta ya m'galimoto mwake. Anati, 'Mwawondatu mayi.' Ine ndinati, 'Ndikuyesetsa, bwana.'"

Mundikhululukire, ndinatsala pang'ono kuseka. Kenako ndinaponya kapu ya khofi pakhoma. Renae anagwada n'kuyamba kutola magalasi ndi manja, akulira, akunena kuti ndikakanena zoona iye wapita kundende ndipo Maren amutenganso.

Kuchokera pamenepo ndakhala ngati mpira. Merle ananditengera ku ofesi ya malaisensi kuno ku Iowa. Mayi wa pawindo anali waulemu ndithu. Anati, "Ifetu sitinakuimbeni mlandu, tangomva zimene anzathu atiuza. Mfundoyi anamanga ndi a ku Missouri, omasula ndi omwewo. Akatitumizira chikalata choti nkhani yatha, ife tiyambira pamenepo."

Ndinaimba foni kukhoti la ku Missouri. Kalaliki anandiuza kuti pali chikalata chondimangira chifukwa chosabwera.

"Komatu wogwidwayo sindine," ndinatero.

"Zimenezo mudzauze woweruza, mayi."

"Ndikabwera mundimanga?"

"Ine sindiloledwa kupereka malangizo a zamalamulo."

"Nanga ndibwera bwanji, poti laisensi munandilanda?"

"Sitinakulandeni ife. Anakulandani ndi a kwanu ku Iowa."

Ndinaika foni pansi n'kukhala pamenepo mpaka khofi atazizira. Maboma awiri, aliyense akuloza mnzake, ine pakati.

Kunyumba nako kulibe mpumulo. Amayi akufuna ndipite ku Missouri ndikavomere mlanduwo ngati wanga. Lamlungu lapitali tikudya nkhuku anayambiranso.

"Ungovomera, mwana wanga. Ndi liwiro chabe, sunaphe munthu. Iwe ndiwe wolimba, akakuchotsa upeza ina. Mng'ono wako akalowa m'ndende sakatulukako wamoyo. Chibale ndi fupa."

"Amayi, ndi zaka 19 za moyo wanga."

"Ine ndidakali ndi moyo usapereke mwana wanga kwa apolisi."

"Nanga ine ndine mwana wa yani?"

Anangokankha mbale n'kupita kukagona. Mawa lake ndinawasambitsa monga mwa masiku onse, osalankhulana.

Merle akuti ndisiye zonsezi, mchemwali wake amakhala ku Hamilton, kutsidya kwa mlatho, ndiye ndingalembetse adiresi yake n'kukatenga laisensi yatsopano ya ku Illinois. Akuti boma lina, mabuku ena. Sindikudziwa ngati n'zoona, koma masiku ena ndimaganizira.

Ndiulule chinanso. Azimayi a kutchalitchi akhala akusinthana kutitengera kuchipatala, koma anthu amatopa. Kawiri tsopano wotitenga sanabwere, ndipo amayi sangadumphitse tsiku lotsuka magazi. Ndiye ndinatenga Buick ija n'kuwoloka mlatho ndekha, maso ali pagalasi loonera kumbuyo. Ine amene ndinkadzudzula makolo osamanga lamba, lero ndikuyenda ngati mbava.

Pakadali pano a Hultgren andipatsa ganyu yotsuka mabasi kuti ndisakhale chabe. Dzulo ndinatsuka nambala 14. Ndinachotsa chingamu pansi pa mipando, ndinapukuta chiwongolero, kenako mnyamata wa m'galaja ndiye anaisuntha kukaiimika, chifukwa ine sindiloledwa ngakhale kuliza injini. Renae sakuyankhanso foni zanga. Amangolemba kuti, "Ndikuganiza, achemwali." Maren sakudziwa kanthu, ndipo kutchalitchi amakhala pafupi ndi ine n'kumaseweretsa mphete yanga.

Aphungu, sindikudya, tsitsi likuthothoka. Ndikanena zoona ndapha mng'ono wanga, ndasandutsa Maren mwana wamasiye, ndipo amayi adzamwalira asakundilankhula. Ndikavomera bodza ndataya ntchito yokhayo imene ndimaidziwa. Kulikonse kumene ndatembenukira ndikuona khoma. Kodi pali njira yoti laisensi ibwerere popanda kutchula dzina la Renae? Kodi za ku Illinois zija zingatheke? Kapena amayi akunena zoona, kuti wolimba ndi amene ayenera kusenza? Masabata atsala ndi anayi okha.

T.V., Keokuk, Iowa


Mayi T.V.,

Ndawerenga kalata yanu kawiri, ndipo ndiyambe ndi chimene palibe wakuuzani kunyumba kwanuko: inu simunalakwe. Wina anatenga dzina lanu n'kulipereka kwa wapolisi. Wina anabisa makalata anu atatu, akudziwa kuti m'mawa uliwonse mukunyamula ana a eni. Onsewo anachita ndi mantha, ndikumvetsa, ndipo onsewo amakukondani. Koma mantha awo anawalipira ndi khosi lanu, osakupemphani. Musalole kuti nkhani itembenuke mpaka wopepesa mukhale inu.

Mwandifunsa ngati pali njira yopulumutsa onse. Ine sindikuiona, ndipo sindikunamizani. Pali njira yoipa, palinso njira zoipitsitsa. Tiyambe tataya zoipitsitsazo.

Musavomere mlanduwo. Kuima pamaso pa woweruza n'kunena kuti munali inu pamene simunali ndi bodza la m'khoti, ndipo limenelo likhala tchimo lanu lenileni loyamba pa nkhani yonseyi. Chigamulocho sichidzathera ku Missouri. Mwaona kale kuti mabomawa amauzana, ndipo chidzakutsatirani kwanu n'kukhala pa mbiri yanu, imene kwa woyendetsa basi ndiye munda wake. Komanso sichimupulumutsa Renae. Mlandu suwola. Apolisi ambiri masiku ano amajambula akaimitsa galimoto, ndipo sukulu yanu ili ndi buku losonyeza kuti nthawi imeneyo munali kwina. Tsiku limene wina adzaike ziwirizo pamodzi, mudzamira nonse awiri. Ndipo ngakhale zitabisika, mng'ono wanu adzakhala ataphunzira kuti dzina lanu ndi ambulera, mvula ikagwa angotambasula.

Za ku Illinois muziiwale lero lomwe. Merle ndi bwenzi labwino koma si loya. Mukakapempha laisensi kumeneko adzakufunsani ngati inaimitsidwa kwina, ndipo asanakupatseni amayang'ana m'kaundula amene maboma onse amaonamo. Mudzabwerako chimanjamanja, mutawonjezera mlandu wonama za kumene mumakhala.

Makiyi a Buick apachikeni. Ndikudziwa chimene chinakuyendetsani, ndipo mwina nanenso ndikanatero. Koma masabata asanu aja munayendetsa musakudziwa, ndipo zimenezo loya angazifotokoze. Maulendo awiri a pamlathowa munayendetsa mukudziwa. Akakugwirani paulendo wachitatu, mlanduwo udzakhala wanuwanu, popanda wina womuloza, ndipo pali chikalata chokumangirani chimene wapolisi aliyense angachione. Mawa lankhulani ndi wothandiza odwala kuchipatala kumene amayi amatsukidwa magazi. Simuli oyamba kusowa wowanyamula, ndipo anthu amenewo amadziwa za magalimoto onyamula odwala. Uzaninso abusa anu kuti okutengani aja akujomba. Manyazi asiyeni pakhomo.

Tsopano zoti muchite, ndipo muyambe sabata ino. Pezani loya wa ku Missouri, makamaka amene amagwira ntchito kukhoti lomwelo. Wa ku Iowa, ngakhale akhale wanzeru bwanji, mwina saloledwa n'komwe kukuimirirani kumeneko. Ngati thumba silikulola, funsani ku bungwe lanu la apantchito kapena ku maofesi othandiza anthu pa milandu. Loyayo ndi amene angapemphe kuti chikalata chokumangirani chichotsedwe, kuti akupatseni tsiku latsopano, komanso kuti zithunzi za wapolisi uja zisungidwe. Chomalizachi n'chachangu, chifukwa zithunzi zotere sazisunga muyaya. Musawoloke kupita ku Missouri iye asanakuuzeni kuti wolokani.

Mapepala aja achotseni m'kabati ya makina osokera lero, pamodzi ndi maenvelopu ake, muwajambule, ndipo mukawasunge kunja kwa nyumbayo. Pemphani a Hultgren kalata yosayina, tsamba la buku la maulendo la pa 11 Marichi, ndi umboni wina uliwonse wosonyeza kumene basi yanu inali masanawo. Muwapemphenso, mochita kulemba, kuti akusungireni njira yanu ngakhale mwezi umodzi kupitirira tsiku lija, muwasonyeze kuti nkhani ili m'manja mwa loya. Ndikunena izi chifukwa makhoti sathamanga, ndipo n'zotheka kuti 11 Ogasiti ifika zinthu zisanathe. Mwina chaka chino muyamba mochedwa, mwinanso njira yanu ipita kwa wina. Zidzawawa. Koma kuchedwa miyezi iwiri muli ndi mbiri yoyera sikufanana ndi kukhala zaka zitatu muli ndi yakuda. Khoti likakumasulani, musadikire kuti makompyuta auzane okha. Tengani chikalata chodinda m'manja, mupite nacho ku ofesi ya ku Iowa, ndipo mufunse kuti kuimitsidwa kuja kufufutidwe bwanji pa mbiri yanu. Tsegulaninso bokosi lanulanu ku positi ofesi. Makalata anu asadzerenso m'manja mwa wina.

Za dzina la Renae: ntchito yanu kukhoti ndi kusonyeza kuti simunali inu, osati kusaka wolakwa. Loya adzakuuzani zimene muyenera kuyankha ndi zimene simukakamizidwa. Koma akakufunsani mutalumbira, musaname. Ndipo musadzinamize kuti sadzamupeza. Nambala ya galimoto ya amayi ili papepala, nkhope yake mwina ili pa kanema. Safunika wanzeru kwambiri kuti alumikize.

N'chifukwa chake mphatso yokhayo imene mungamupatse mng'ono wanu ndi nthawi yoti ayambe ndi iye. Mupiteko, musalembe pa foni. Mumuuze tsiku limene loya wanu akakapereke umboni, ndipo mumuuze kuti tsikulo lisanafike apeze loya wakewake, osati wanu, akambirane zokadziulula yekha kwa amene amamuyang'anira. Sindingalonjeze kuti sakalowa. Angalowe ndithu. Koma munthu wobwera yekha, ali ndi miyezi 16 yosamwa ndi ntchito m'manja, woweruza amamuona mosiyana ndi amene achita kukamukoka.

Ndipo nayi mfundo yoti mukawauze amayi, kamodzi kokha, modekha. Ngati Renae atsekeredwa, Maren adzafuna pokhala. Wachibale amene angaimirire n'kunena kuti mwanayu ndipatseni ine, ndinu. Koma kodi angamupereke kwa munthu wopanda ntchito, wopanda laisensi, amene akufunidwa ndi khoti la boma lina? Amayi akuganiza kuti mukagwa inu mwanayo apulumuka. Zoona zake n'zakuti mukagwa inu, m'banjamo simutsala woimirira. Chibale ndi fupa, inde, koma fupa ukalimeza lathunthu limatsamwitsa. Mukanena zimenezi musabwerezenso. Asambitseni, aphikireni, akayamba nkhaniyi muziti, "Ili kwa loya, amayi." Mwina akwiya nthawi yaitali. Mwina sadzavomera kuti anakulakwirani. Funso munawafunsa patebulo lija n'kutheka kuti yankho lake simudzalimva, ndipo pa chimenecho ndilibe mankhwala. Pezani munthu mmodzi, kaya abusa kaya mnzanu, woti muzimulirira, ndipo za kusadya ndi tsitsizo kaonaneni ndi dokotala.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo mulisunge. Tsiku likamayandikira, wina adzakuuzani kuti mukapitiriza, Renae ayambiranso kumwa. Mwina adzanena ndi amayi, mwina mwini wake, akulira. Mawu amenewo adzakulasani kuposa onse, chifukwa akhoza kuchitikadi. Muimbireni amene amamuthandiza kusiya mowa, mukhale naye pafupi, Maren mumutenge adzagone kwanu. Koma botolo likatsegulidwa, lidzatsegulidwa ndi dzanja lake, osati lanu. Mlireni, mudzutseni, mugwireni mkono. Tsiku la khoti lokha musasinthe.

Aphungu